Chipsera cha Abiti Saidi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pakhoma la golosale ku Songani, ndikudikira minibasi. Bungwe lina lophunzitsa akuluakulu kuwerenga linkafuna wolemba timabuku ta nkhani zopeka. Ine ndinali nditangomaliza Fomu 4, koma mumtima ndinali mlembi wamkulu kale. Ananditenga.

Nkhani iliyonse inkayenera kukwana pamapepala anayi opinda pakati, zilembo zikuluzikulu, ziganizo zazifupi. Ndinkayamba m'kope, n'kutaipa pa laputopu ya ofesi, kuchita fotokope, kumenya sitepula, kenako ulendo wa ku doko la Kachulu kukaiyesa m'kalasi la amayi ogulitsa nsomba. Abwana anga, a Chikopa, sankalola kusindikiza amayiwo asanawerenge.

Matenda anga anali kufotokoza maonekedwe. Munthu asanatsegule pakamwa, ndinali nditamupatsa kale msinkhu, khungu, mphuno ndi kayendedwe. Choncho polemba za mayi woba matemba pathandala la anzake, ndinamukongoletsa ndithu: wamfupi, woyera, wa chipsera patsaya lamanzere. Ndinkaganiza kuti zonsezo zachokera m'mutu mwanga.

Masana a tsiku loyesa nkhaniyo, mayi wina anaimirira n'kuyamba kuwerenga monga amachitira ophunzira atsopano, chala pamzere.

"A-na-li ndi chi-pse-ra pa-tsa-ya."

Mitu yonse inatembenukira kumbuyo. Kumeneko kunali Abiti Saidi, mayi wamfupi, woyera, amene ndinkawaona sabata iliyonse. Chipsera chinali pomwepo, kumanzere. Ndinachita manyazi oti sindinachitepo. Abiti Saidi anapinda kabukuko bwinobwino, n'kutuluka. Sabata yotsatira sanabwere.

"Mayi aja angodziwa kumene kulemba dzina lawo," anatero a Chikopa. "Akasiya sukulu, mwawasiyitsa ndinu."

Abiti Saidi ndinakawapeza akuyanika nsomba, ndipo ndinapepesa mpaka mawu kundithera.

"Achimwene, chipsera ichi ndinapsa ndikuwamba milamba ndili mtsikana," anatero. "Inu mwachitenga n'kupatsa wakuba. Pano ku doko akundiitana kuti mayi a m'buku."

Ndinalembanso nkhaniyo. Wakuba uja ndinamuchotsa nkhope yonse, n'kumusiyira zochita zake basi. Ankayamikira nsomba za anzake mopitirira muyeso, ndipo dengu lake linkakhala lovundikira nthawi zonse. Ndinawapempha Abiti Saidi kuti adzaweruze okha.

Anabwera, nkhope ili gwa. Koma tsamba lachiwiri lisanathe, kalasi lonse linali kugwa ndi phwete. Wina ankati ameneyu ndi mlamu wake weniweni, wina ankalumbira kuti ndi mayi wina wa ku Chisi. Aliyense anali ndi wakuba wakewake, ndipo palibe anayang'ana kumbuyo. Tsamba lomaliza anawerenga Abiti Saidi, osaphonya liwu. Mtima wanga unadzaza chimwemwe.

Potuluka anandikoka malaya.

"Buku linalo mundiikemo, ndi chipsera chomwe. Koma ndikhale mwini bwato."

Ndinawaikamo, mabwato n'kuwapatsa awiri. Kabukuko ankayenda nako m'dengu, kuwerengera aliyense wogula nsomba, wofuna ndi wosafuna yemwe.

Mpaka lero ndikamalemba, munthu woipa sindimupatsa nkhope, owerenga amabwera nayo okha. Ndipo ndisanalembe chipsera, dazi kapena mwendo wotsimphina, ndimayamba ndadzifunsa kuti ndinaziona pa yani, chifukwa mwini wake tsiku lina adzadziwa kuwerenga.