Mphiri ya m'thumba la feteleza

Inu owerenga, mvula yoyamba ikangogwa ine mtendere umandithera. Anzanga amakondwa ndi fungo la dothi, pomwe ine ndimangozungulira nyumba, kugwedeza nsapato, kusuzumira m'matumba, osakhazikika. Ndinabweretsa njoka pakhomo ndi manja angawa, koma amene inamuluma ndi mkazi wanga, mayi a Chifundo.

Ntchito yanga ndi yoperekeza alendo kukwera phiri, makamaka njira ya ku Chambe. Chaka china nyengo yachisanu ndinaperekeza mzungu wojambula nyama. Mathithi ndi mikungudza analibe nazo ntchito, iye ankafuna njoka basi. Tinavundukula miyala mpaka zala kuuma ndi chiperoni, osaona ngakhale buluzi. Ndinamuuza zoona, kuti kukazizira njoka zimabisala. Zimatuluka kukatentha, makamaka mvula zoyamba zikagwa, achule ndi ngumbi zikachuluka. Ndinati adzabwerenso mu Novembala. Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino, koma pakamwa pangapa pamathamanga. Ndinamulonjeza kuti mphiri adzaiona ndi maso ake.

Atatumiza uthenga pafoni kuti akubweradi, ndinakumbukira lonjezo langa lija. Njoka si mbuzi yoti ungaimangirire pamtengo kuti idikire mlendo. Nanga tikakayenda tsiku lonse osaiona, nkhope ndikaiika pati? Ndiye tsiku lina pochokera kumunda ndinapeza mphiri yonenepa itagona m'mphepete mwa minda ya tiyi. Ndinaipana khosi ndi mtengo wa mphanda, n'kuikankhira m'thumba la feteleza, n'kumanga ndi luzi. Nzeru yanga inali yoti ndidzaimasule panjira mlendo akuyang'ana kwina, ine ndioneke katswiri.

Vuto linali posunga. Ine ndine mkamwini, ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga. Ndipo mukudziwa mmene timaonera munthu wosunga njoka pakhomo: timati ngokhwima, akufuna chuma cha mankhwala. Poopa mbiri imeneyo sindinauze munthu aliyense, ngakhale amene ndimagona naye pamphasa imodzi. Thumbalo ndinakaliika m'khitchini yakale, kuseri kwa makasu. Sindinaganizeko kuti mayi a Chifundo amasunga mbewu yawo ya chimanga ndi nandolo momwemo, m'matumba a feteleza ngati lomwelo.

Kutatsala pang'ono kuti mlendo afike, mvula yobzalira inagwa. M'mawa mwake ine ndinapita kumsika kukatchajitsa foni. Mkazi wanga analowa m'khitchini muja mothamanga kuti akabzale dothi lisanaume, n'kumasula thumba, n'kupisamo dzanja.

Pobwerera ndinakumana naye panjira anthu atamukweza pa kabaza, dzanja litatupa kufika pachigongono. Sanali kulira. Anangondiyang'ana n'kufunsa, "Bambo a Chifundo, kodi njoka imadzimangira yokha m'thumba?" Ndinangothamanga pambuyo pa njingayo mpaka kuchipatala.

Madokotala anayesetsa, moyo unapulumuka, koma zala ziwiri zinawola ndipo anazidula. Mkazi wanga ankathyola tiyi kuesiteti, ndipo anali mmodzi wa odzaza dengu mofulumira. Ntchito imeneyo inathera pomwepo.

Mbiri ndinkaiopa ija inandipeza, itakula kuposa mmene ndinkaganizira. Amalume awo anandiitanitsa pamaso pa apongozi ndi abale onse. Anati ndinkafuna kupereka mwana wawo ngati chizimba kuti ndilemere. Nditafotokoza za mzungu ndi kamera yake, ena anaseka moipidwa, ena analavula malovu. Anandiuza kuti ndilongedze. Amene anandipulumutsa ndi yemwe ndinamupundula uja. "Amalume, asiyeni," anatero. "Awa si mfiti, ndi chitsiru chabe." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kuthamangitsidwa, chifukwa anali oona.

Chowawa china n'chakuti mlendo uja anakwera phiri ndi mnzanga, ndipo njoka anaziona zingapo zikudziyendera panjira, popanda wozisungira m'thumba. Nyengo yake inali itakwana.

Tsono inu owerenga, ngati mukufuna kuona njoka, dikirani kutenthe ndi mvula zoyamba, mukazionere kutchire komweko, mutatalikira. Musalonjeze munthu chinthu chimene si chanu. Ndipo chilichonse chimene mukuopa kuuza mkazi wanu kuti mwalowetsa m'nyumba, chisiyeni kunja.

Banja lathu lilipobe. Timadya limodzi, nthawi zina timaseka. Koma mpaka lero ndikabwera ndi thumba lililonse, kaya la ufa kaya la makala, mayi a Chifundo amabwerera m'mbuyo, n'kubisa dzanja lija m'chitenje, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Khuthulirani pansi kaye, ndione."