Nsomba Zabuluu mu Ndowa ya Thobwa

Mbiri ya boma la Chiradzulu ikadzalembedwa mwachilungamo, dzina langa lidzakhala pa tsamba la akatswiri owoloka nyanja. Ndinawoloka ndili ndi zaka khumi ndi zitatu zokha. Ulendowo unali wa mphindi makumi awiri, ndipo ndinautha nditakumbatira mwendo wa aphunzitsi.

Ndikukumbukira kuti zinali zaka zija sukulu yaulere itangoyamba. A Makwinja, amene ankatiphunzitsa Sitandade 7 kwathu ku Nchema, anayambitsa kalabu yosamalira zachilengedwe, n'kulengeza kuti atitengera ku chilumba chotetezedwa cha ku Mangochi. Ndinalowa kalabuyo tsiku lomwelo. Sabata yonse sindinkayenda, ndinkangodumpha, poti madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali dambo la kuseri kwa sukulu mvula ikakwiya.

Amayi anandimangira chinangwa chophika m'chitenje.

"Iwe, usakabwere kuno ndi nkhani zokha. Ndiwo ndikuzifuna."

"Amayi, ingokonzani mchere," ndinayankha mokweza, kuti anansi amve.

Tinayimba pa lole mpaka mawu kusasa, tinagona m'kalasi ya sukulu ina, m'mawa n'kukwera boti. Ine anandipatsa udindo wonyamula ndowa ya thobwa, ya chivundikiro chake.

Chilumbacho chinatisokoneza mitu. Mitengo yosadulidwa, nkhuni zouma zili mbwee popanda wozitola, moti atsikana ankazidutsa mitima ikuwawa. Madzi anali oyera, pansi kumaoneka, ndipo m'mipata ya miyala munkasambira nsomba zabuluu, zachikasu, zina zamizeremizere ngati zavala juzi. Mlonda wa malowo, bambo wamtali wa yunifolomu yobiriwira, anatiimika n'kufotokoza malamulo. Akuti ananena momveka kuti pachilumbapo munthu satengapo kanthu. Ndikuti "akuti" chifukwa maso anga anali m'madzi, maganizo ali pa tomato ndi anyezi. Luso losamvera wophunzitsa limeneli ndinadzapita nalo mpaka ku koleji, kumene anandipirira chaka chimodzi ndi theka.

Titadya, mlondayo anatenga anzanga kukawaonetsa mbalame kumtunda. A Makwinja anandisiya ndi katundu, n'kundiuza kuti thobwa lotsalalo ndi la mlondayo. Atangokhota, ndinalimwa lonse kuti lisawonongeke ndi dzuwa. Kenako ndinachita monga tinkachitira kumtsinje kwathu: chitenje m'madzi, nyenyeswa za chinangwa pakati, kudikira, kukweza. Kwathu tinsomba titatu umativutikira tsiku lathunthu m'matope. Izi zinkabwera zokha, zina kumandijompha zala. Posakhalitsa ndowa inali ndi moyo. Ndinavundikira, n'kukhalapo ngati mwini sitolo.

Atabwerako, a Makwinja anakonza kukhosi.

"Bambo, ana awa ndi asilikali a chilengedwe. Ndipo kwathu munthu wotithandiza sitimusiya kukhosi kuli gwa. Iwe, tadzuka pamenepo."

Anatsegula okha, kapu ili m'manja. Mlondayo anasuzumira nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, thobwa la ku Chiradzulu limasambira?"

Anzanga anagwa ndi phwete. A Makwinja anandiyang'ana ndi diso limene ndinalimva mpaka kumsana. Koma mlondayo sanakalipe. Anandiuza kuti ndimulozere mwala weniweni umene ndinaima, n'kundibwezetsa nsombazo pomwepo, imodziimodzi, ndi manja.

"Mwanawe, mtundu uwu kwawo ndi pa miyala ino," anatero. "Pamchenga siziwoloka. Chilumba icho ukuchionacho chili ndi zakezake. Lole iliyonse ikamachoka ndi ndowa imodzi, ine ndizilondera miyala."

Pobwerera sindinayimbe. Ndinkaganiza za mchere umene amayi anakonza, ndi anansi aja. Lole itaima pa Namadzi ndinathamangira mumsika, n'kugula mulu wa matemba ouma wa makwacha asanu ndi awiri.

Amayi anawatembenuza ndi chala, n'kununkhiza.

"Awa ndi a ku Chilwa. Ku Mangochi anakafikako pa basi?"

Ndinaulula zonse, za thobwa zomwe. Nditamaliza, ndinayeza ndi maso mtunda wa pakati pa ine ndi chitseko.

"Ndiye kuli nsomba zoti boma linazilembera mlonda? Zabuluu zenizeni?"

"Kuposa sopo wochapira, amayi."

"Takhala pansi. Yambiranso poyamba, usathamange."

Kufikira tsiku limenelo, zinthu zonse za m'dziko ndinkazigawa patatu: zodya, zogulitsa ndi zosonkhera moto. Kwathu munthu sangadzudzulidwe pa maganizo amenewo, minda yake ndi yomwe ija. Panopa ndimadziwa kuti pali gulu lachinayi, la zinthu zimene ntchito yake ndi kungokhala pamalo pake, ndipo kuti dzanja limavutika kwambiri kubweza kuposa kutola. Anthu ena nzeru yotere amakaitenga kunja ndi ndege. Ine inandidyera makwacha asanu ndi awiri.