Mwendo M'dzanja la a Alufeyo

A Alufeyo Nakhumwa anachoka ku Phalombe ali mnyamata kudzalima fodya pa esiteti ina ku Mavwere, ndipo sanabwererenso. Chimene chinawatchukitsa ndi zala. Tsamba la fodya ankangolisisita kamodzi, maso ali kwina, n'kutchula giredi yake.

Chaka china, chimphepo cha mu Novembala chinasasula lata padenga la shedi, iwo n'kulitchinga ndi mkono wamanja, lata n'kuwacheka. Bala linapola bwinobwino, koma zala zitatu zinangoti zii. Tsiku lina anagwira sefuliya yamoto, ndipo anadziwa kuti akupsa atamva kukuwa kwa akazi awo, a Esitere.

Kuchipatala chachikulu cha mumzinda, dokotala anawauza kuti mtsempha wonyamula uthenga wa zala unaduka, ndipo mbali ziwirizo zinatalikirana.

"Tichotsa wina kumwendo kwanu, tilumikizire pamenepo."

"Adokotala, ndiye kuti mukufuna kundiphatikiza ngati mango?"

"Ngati mango, bambo. Koma umamera pang'onopang'ono, milimita imodzi patsiku. Ndipo zala sizibwerera mwakale kwenikweni."

"Aa! Bola minibasi ya pa Boma yodikira kudzaza."

Atawachita opaleshoni n'kubwerera kunyumba, Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi a Esitere ankagogoda mkonowo ndi chala, monga dokotala anawaonetsera. Pomwe amuna awo amva ngati nyerere zikuthamanga, ankaikapo kadontho ka bolopeni.

"Bambo a Ruth, musandinamize. Mwamvadi?"

"Ndamva, mayi. Mukugogoda ngati apolisi."

Madonthowo anatsetsereka mpaka pachikhatho. Patatha chaka ndi theka, zala zinayamba kumva kutentha ndi kulasa kwa singano. Zinathera pomwepo. Mnofu wa patsinde pa chala chachikulu unali utafota kale, ndipo tsamba labwino ndi lachabechabe zinkamveka chimodzimodzi, ngati akuzigwira atavala sokosi. Tsiku limene anavomereza zimenezi, anakhala kuseri kwa shedi mpaka masana.

Mawa lake anayamba kuphunzitsa dzanja lamanzere. Lero amasankhabe fodya, mochedwerapo, akumanunkhiza tsamba lililonse ndi kuliyang'ana padzuwa. Aliyense wowagwira dzanja lamanja powapatsa moni amamuuza kuti wagwira mwendo wawo.

Vuto latsala kuphazi. Pomwe anachotsa mtsempha paja, m'mphepete mwa phazilo munachita dzanzi, moti patapata amavuka iwo osadziwa. A Esitere atatopa ndi kutola m'njira ya kumsika, anawagulira nsapato za zingwe, ndipo amawamangira okha.