Pampu Yongomeza Mpweya

Pa nyumba imene ndinkagwirako ntchito ku Al Khulaifat, mumzinda wa Doha, tinalipo Amalawi awiri: ine dalaivala, ndi madala ena a ku Ntcheu amene ankalonda pageti. Maiko oyandikana nalo dzikolo anali atatseka kale malire awo, ndipo chilichonse chikasowa m'sitolo ankangoti chili pa sitima, chikubwera. Ine zandale zawozo sizinkandikhudza. Ndinkadzuka, kuyendetsa galimoto, kudya, kugona.

Dziwe losambiramo ankalitseka mu Disembala kukayamba kuzizira, n'kudzalitsegula mu Malichi. Chaka chimenecho kampani yosamalira maiwe inali itasiya kubwera, ndiye analitseka ndi madala aja. Kutsegula anandipatsa ine, chifukwa pofunsira ntchito ndinalemba kuti ndinaphunzira za mipope. Sindinalembe kuti ndinasiyira panjira chaka choyamba chisanathe.

Lolemba m'mawa ndinalowa m'kanyumba ka pampu. Ndinatsegula chivundikiro chake choonekera mkati, kukhuthula mchenga ndi masamba m'kadengu, kuthiramo madzi mpaka kusefukira, kutseka, kuyatsa. Pampu inalira. Madzi anazungulira pansi pa chivundikiro, kutsika, kusanduka thovu, kenako mbee. Singano yoonetsa mphamvu ya madzi pa fyuluta sinasunthe. Ndinazimitsa msanga, poti pampu ikayenda youma imapsa.

Ndinabwereza kasanu. Ndinaonjezera madzi m'dziwe. Ndinatsegula mavalavu onse, kuwatseka, kuwatsegulanso. Ndinapapasa mapaipi kufuna mng'alu. Pampu inkangomeza mpweya, koma kumene mpweyawo unkalowera sindinakuone.

Lachiwiri anabwera woyang'anira nyumba, amene tinkangomuti mudiri. Anaima pakhomo, osalowa, kuopa kudetsa nsapato.

"Lachisanu kuli alendo," anatero. "Anatseka ndani?"

Ndinaloza kugeti. Sindinaganize kawiri, ndinangoloza.

"Amene anatseka ndi amene waononga. Ikapanda kukoka pofika Lachinayi, khalasi, kwatha, mdalayo abwerere ku kampani yake ya alonda."

Munthu wa imvi akabwezedwa ku kampani samupezera nyumba ina. Amamupatsa tikiti yobwerera kwawo. Madala aja anali ndi ana awiri ku sekondale, ndipo ankandionetsa zithunzi zawo pafoni tsiku lililonse ngakhale sindinapemphepo. Ndinawauza zimene mudiri ananena, mawu ake omwewo, osachotsera. Anati, "Chabwino, aphwanga," n'kubwerera pa mpando wawo.

Lachitatu masana, ndili chogwada pa pampu paja, ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo. Anali iwo, atagwira kachitini ka mankhwala a nsapato ndi manja awiri ngati akupereka mphatso kwa apongozi.

"Aphwanga, kodi kameneka n'kofunika?"

M'kachitinimo munali mphira wakuda wozungulira, wopindidwa kawiri. Ndinayang'ana m'mphepete mwa chivundikiro, n'kukanda fumbi ndi chikhadabo. Munali kangalande kopanda kanthu, koyenera mphirawo ndendende. Masiku atatu ndinkatseka chivundikiro chimenecho osadziwa kuti pakusowa chinthu. Mwina za mphira umenewu anaphunzitsa m'chaka chachiwiri.

"Munachotseranji?"

"Kwathu kudimba pampu yopalasa sitiisiya ndi mphira wake. Ukaweruka umachotsa, kupita nawo kunyumba. Akuba."

"Akuba ati, madala? Mpanda ndi uwu, makamera ali mbali zonse, mlonda wake ndinu nomwe. Mumaopa kudziba nokha?"

"Dzanja linangochita lokha."

"Nanga chiyambire Lolemba munali kuti?"

"Ndimati inu ophunzira mwina mupeza vuto lina."

Sindinakwiye. Ndinafuna kukwiya, koma mkatimu munalibe kanthu. Ndinatenga mphira uja kuti ndiutambasule, ndipo unaduka patatu m'manja mwanga. Kachitiniko kanakhala pa windo la kanyumba ka pageti miyezi itatu, pamene dzuwa limamenya.

Ndinakwera galimoto kupita ku Al Doha Al Jadeeda, zidutswazo zili m'thumba. Sitolo yoyamba: mafi, palibe. Yachiwiri chimodzimodzi. M'yachitatu wogulitsa anayeza zidutswazo pa tebulo n'kunena kuti za mtundu umenewu zinkabwera pa lole kuchokera ku Dubai, tsopano zimazungulira ku Oman. "Masabata atatu, inshala." Ndinamuuza kuti inshala wakeyo satseka mpweya. Anaseka, ine sindinaseke.

Nditabwerera ndinapeza madala atagwetsa wilibala ya m'munda chagada, atasolola kale chubu cha tayala lake. Anaching'amba, kuchiyala pa simenti, kuikapo chivundikiro, kujambula ndi bolopeni. Kenako anatulutsa lezala m'chikwama chawo.

"Sizigwira zimenezo," ndinatero. "Iyi si pampu ya kudimba."

"Mpweya wa kuno ndi wa ku Ntcheu ndi umodzi, aphwanga. Gwirani apa."

Ndinagwira. Anadula pang'onopang'ono, lilime lili panja. Anadula timikombero tiwiri, kutipaka Vaselini amene ankadzola m'milomo, kutisanjikiza m'kangalande kaja. Ine ndinathira madzi, kumanga chivundikiro mpaka zala kuwawa, kuyatsa.

Madzi anatsika ngati masiku onse. Ndinaika chala pa swichi kuti ndizimitse.

"Dikirani," anatero.

Thovu linayamba kuchepa. Kamtsinje kanatuluka m'paipi kulowa m'kadengu, kukula, kudzaza mpaka pansi pa chivundikiro. Kulira kwa pampu kunasintha, kunalemera. Ndinatsegula kavalavu ka pamwamba pa fyuluta, mpweya unatuluka kuti fyii, kenako madzi anandithovukira kumaso. Singano inakwera n'kuima.

Madala anakhala pansi pa simenti yonyowa, yunifolomu yomweyo, n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Ine ndinakumbukira kuti sindinadye chiyambire m'mawa.

Lachinayi mudiri anaima pakhomo paja, kuyang'ana madzi akuyenda m'dziwe.

"Vuto linali chiyani?"

"Mpweya."

"Anaulowetsa ndani?"

"Umalowa wokha."

Anandiyang'ana kanthawi. Kenako anati popeza ndimazidziwa, kuyambira lero dziwe ndi langa, kuphatikiza pa galimoto. Za madala sananenenso kanthu, ndipo Lachisanu ndi iwo amene anatsegulira alendo geti.

Mphira weniweni unafika mu Meyi. Wa wilibala uja unali usanadonthe n'kamodzi komwe, koma ndinauchotsa basi. Madala anaupempha, anaupukuta, n'kuuika m'kachitini kawo.

Disembala atakwana ndinatseka dziwe ndekha. Ndikukhetsa madzi m'pampu ndinamva kutsokomola kuja kumbuyo.

"Aphwanga, kamphira kameneko mukasiya pomwepo?"

"Pomwepo."

"Miyezi itatu yonse?"

"Madala, bwererani kugeti."

Anaima pang'ono, akuyang'ana chivundikiro. Kenako anapita.