Ndinateteza Mkaka, Ndinataya Mayi Wake

Linali Lachinayi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, pamene ndinauza adokotala kuti ayi. Lero mwana wanga Esinati ali kumanda, ndipo ine ndikulera khanda limene anasiya. Inu owerenga, sukulu sindinapite nayo patali, koma izi ndalemba ndekha kuti wina asalakwe ngati ine.

Ndimakhala ku Chilobwe, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Esinati ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Anali wanthabwala. Ankagwira chitenje changa n'kunena kuti, "Amayi, ichi ndiye chatha, ngakhale makoswe akuchikana." Mwamuna wake amayendetsa thiraki ya ku Beira, ndiye atabereka mwana wamkazi, Takondwa, anabwera kwa ine kuti ndimusamale.

Atatuluka m'chikuta sanabwerere mwakale. Ankangokhala pamphasa kuyang'ana khoma. Mwana akalira, iyenso ankalira. Ine ndinkati ndi kutopa kwa uchembere. Kenaka anasiya kusamba, chakudya n'kumangochilawa, n'kuyamba kunena kuti iye ndi mayi woipa, mwanayo angakule bwino popanda iye. Mkamwini wanga atabwerako kuulendo anatitengera kuchipatala m'tauni.

Adokotala anati awa ndi matenda a maganizo amene amagwira amayi ena akangobereka, ndipo amachizika. Anati pali mapiritsi, koma sagwira ntchito tsiku lomwelo, amatenga masabata, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Poti Esinati anali atafika posadya, anati pali chithandizo china chofulumira, kuchipatala cha matenda amenewa. Wodwala amamugoneka tulo ndi jakisoni, n'kupititsa mphamvu yochepa ya magetsi kumutu kwa kanthawi kochepa. Samva ululu. Akadzuka mutu umatha kuwawa, amathanso kuiwalaiwala, koma ambiri amayamba kudya ndi kuyankhula.

Ine nditangomva mawu akuti magetsi, makutu anga anatsekeka. Malemu amuna anga anali okhoma malata, ndipo anagwidwa ndi waya wa magetsi padenga ku Chirimba, Esinati ali wamng'ono. Manja awo opserera ndinawaona. Izi sindinawauze adokotala, ndinangoti ayi. Esinati anali zyolii. Mkamwini anati, "Amayi, munamubala ndinu, chimene munene ndi chomwecho." Adokotala anatipempha kuti Esinati agonekedwe m'chipatala, ndinakananso. Tinabwerera ndi mapiritsi, atatiuza kuti tisamamusiye yekha.

Masiku oyamba mapiritsiwo ankamuchititsa mseru. Nthawi yomweyo Takondwa ankalira ndi m'mimba usiku wonse. Mnzanga wina pamsika anati, "Mayi a Esinati, mankhwala a misalawo akulowa mumkaka. Mdzukulu wanu adzakula wozerezeka." Ndinayang'ana kamwanako, kamutu kake kofewa, mtima unandiwawa. Mapiritsi ndinkasunga ndine. Ndinawakulunga m'pepala n'kuwabisa pansi pa dengu la anyezi. Esinati atafunsa ndinati atha. Sanafunsenso. Tsiku loti tibwerere kuchipatala sitinapite, chifukwa ndinkaopa kuti andifunsa.

M'mawa wina Esinati anadzuka ine ndisanadzuke. Anasesa, anasambitsa mwana, anamalizitsa kusoka kadiresi ka mwanayo kamene anasiya asanabereke. Kenaka anati, "Bwerani amayi ndikulukeni, mutu wanuwu ukuthamangitsa makasitomala." Ndinaseka mpaka misozi. Zala zake zinali zofatsa m'mutu mwanga. Atamaliza anandipatsa sizasi yake, nati ndimusungire. Ndinati Mulungu wamva, mwana wachira popanda mankhwala. Ndinanyamula dengu kupita kumsika, koyamba kumusiya yekha. Ndinagula ngakhale usipa woti tidye mosangalala.

Masana mayi woyandikana nane anabwera pamsika atabereka Takondwa kumbuyo. Anati Esinati anamusiyira mwanayo n'kunena kuti akupita pafupi. Sanabwerere wamoyo. Zina zonse sindilemba.

Maliro atatha ndinatenga mapiritsi aja kupita nawo kuchipatala. Ndinkafuna wina andikalipire. Anamwino anandikhazika pampando n'kundigwira dzanja. Anati mapiritsiwo anawasankha podziwa kuti Esinati akuyamwitsa, ndipo ndikadabwera ndi nkhawa yanga akadayang'ana mwanayo, mwinanso kusintha mankhwala. Anatinso wodwala matendawa akasintha mwadzidzidzi n'kuyamba kugawa zinthu zake, pamenepo mpamene muyenera kumuyandikira kwambiri, chifukwa nthawi zina amakhala akutsanzika. Panja pamzere ndinacheza ndi mayi wina amene analandira chithandizo cha magetsi chija. Ankasenda nthochi kudyetsa mwana wake, akudandaula za kukwera kwa mtengo wa minibasi ngati munthu wina aliyense. Ndinamuyang'ana mpaka anachita manyazi.

Inu owerenga amene mukudwazika, mantha anu musawasunge pansi pa dengu. Akutengereni kwa amene anapereka mankhwalawo, osati pamsika. Mukaona kuti mankhwala sakugwira msanga, dikirani ndipo pitani mukanene. Wodwala akanena kuti kuli bwino atachoka, musati akungoyankhula. Inunso adokotala ndi anamwino, munthu ngati ine akati ayi, mufunseni kuti akuopa chiyani. Sindikuimbani mlandu. Koma wina akadandifunsa, ndikadanena za manja a amuna anga.

Chisoni chitandipanikiza nanenso ndinasiya kugona ndi kudya, ndipo anamwino aja anandiyambitsa mapiritsi a mtundu womwewo. Takondwa tsopano akuyenda, ndipo kadiresi kaja kayamba kumuthina. Bambo ake amabwera akatsika kuulendo. M'mawa uliwonse ndimamuphikira phala, ndimamwa piritsi langa, ndimamubereka kumbuyo, n'kupita kumsika.