Thumba la mkamwini

A Oswald a ku Mbungo anawolotsa anthu pakati pa chilumba cha Likoma ndi Kobwe, mudzi wa kutsidya kwa malire, zaka makumi atatu, osatsegulapo thumba la munthu. Ndi lamulo la eni maboti kuno: lako ndi boti, katundu ndi wa mwini. A Oswald ankalinyadira lamuloli ngati analipanga okha.

Mwana anali naye mmodzi, Tiyanjane. Mayi ake atamwalira anamulera okha, moti ankati akamutchula, mawu awo aukali aja ankafewa. Tiyanjane anakwatiwa ndi Allan, wogulitsa usipa, mkamwini woti akawaona apongozi ake chapatali, chipewa chili kale m'manja.

Chaka chatha kunabwera Mayi Frances, a zoteteza nyama zakutchire, n'kuitanitsa msonkhano ku Chipyela, pachilumba pomwepo. Anasonkhanitsa apolisi, a zausodzi, oona za olowa ndi otuluka m'dziko, amayi a pamsika ndi eni maboti. A Oswald anapita akung'ung'udza. Nyama zakutchire zanji pachilumba poti ukamva m'tchire mukuswaya, ndi mbuzi ya mnzako?

Nkhani inali ya ngaka, kanyama ka mamba kaja kamene kakutha chifukwa chogulitsidwa mozemba.

"Aliyense anene kamene anaona, ngakhale kaoneke kachabechabe," anatero Mayi Frances.

Wapolisi anati mamba a ngaka anagwidwa ku Nkhata Bay m'matumba a usipa ochokera kuno. Wa zausodzi anadabwa: nyengo ya mwera usipa umasowa, nanga matumbawo ankadzaza ndi chiyani? Mayi wina wa pamsika anaseka, nati pali anthu amene amagula usipa wofumbwa woti ngakhale mphaka sangaununkhize. Woona za olowa ndi otuluka anati amalonda angapo amawoloka sabata iliyonse, kutatsala tsiku limodzi kuti sitima yopita ku Nkhata Bay ifike.

Mayi Frances ankangolumikiza mizere papepala lalikulu. Palibe anatchula dzina. Koma a Oswald sanafunikire kuuzidwa dzina, chifukwa munthu wopita kutsidya ndi usipa n'kubwera ndi usipa womwewo ankamudziwa. Ankakwera boti lawo.

Sabata imeneyo, a Oswald ndi Allan akuchokera ku Kobwe awiriwiri dzuwa lili paliwombo, thumba la Allan linagwedezeka. A Oswald anazimitsa injini.

"Allan, muli chiyani umu?"

"Usipa, bambo."

"Usipa wouma umapuma?"

"Bambo, inu simutsegula katundu wa munthu. Chilumba chonse chikudziwa."

Anatsegula. Pansi pa usipa panali ngaka yamoyo, itadzipinda ngati nkhata, yowonda, mwendo utamangidwa ndi waya mpaka kuboola mnofu. Allan anagwada pathabwa.

"Bambo, ndapota nanu. Ganizirani Tiyanjane. Ganizirani adzukulu anu."

Anawaganiziradi, mpaka mtima kuwawa. Anaganiziranso maulendo ena aja, pamene thumba linkagwedezeka chonchi iwo n'kuyang'ana kumbali, kudziuza kuti ndi mafunde. Boti linayandama nthawi yaitali. Kenako analiza injini, n'kulunjika ku Chipyela kwa apolisi m'malo mwa ku Mbungo.

Allan anamangidwa, ndipo ali kundende kumtunda, kutali ndi chilumba. Kudzera mwa iye anagwidwanso ena anayi. Ngaka ija, dokotala wa nyama anayesetsa, koma inafa tsiku lachitatu. Mayi Frances analemba kalata yothokoza onse, kuti mutu umodzi susenza denga. N'zoona. Koma denga limeneli litagwa linaphwanya mutu umodzi basi. Wapolisi anabwerera ku ofesi yake, mayi wa pamsika ku usipa wake, a Oswald n'kubwerera kumudzi kumene ankawaloza chala.

Za anthuwo akanapirira. Chowapweteka chinali Tiyanjane. Sanawatukwane, sanalire pamaso pawo. Anangoleka kubwera. Kutchalitchi akakumana pakhomo, ankapereka moni wa mlendo: "Muli bwanji?" Mawu oti bambo osamveka.

Mwezi watha anamva kwa anthu kuti Tiyanjane akusamukira kumtunda, kuti akhale pafupi ndi mwamuna wake. Tsiku la sitima, a Oswald analawirira, kutsuka boti lonse, kuyala chitenje pampando kuti ana asanyowe, n'kuima pagombe kuti awaperekeze kukakwera sitimayo.

Tiyanjane anatsika ndi ana awiri ndi mitolo yake. Anadutsa pafupi kwambiri, n'kukwera boti la munthu wina. Litanyamuka, kamtsikana kakang'ono kanawaona, kanaimirira, n'kukweza dzanja.

"Agogo! Agogo!"

Tiyanjane, osacheuka, anagwira kadzanjako n'kukatsitsa.