Matayala Atsopano Kumbuyo

Kuseri kwa nyumba ya amayi kudakali theka la tayala lomwe nkhuku zimamweramo madzi, losalala ngati chikhatho. Linachotsedwa pa pikapu ya amalume dzinja lija ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, amayi ali oyembekezera.

Pikapuyo inali nkhalamba yeniyeni, yolira mochita kukankha. Amalume ankanyamulira mabelo a fodya ndi mbuzi za pamsika wa Mitundu, ndipo matayala onse anayi anali atatha. Mvula itangoyamba anagulitsa nkhumba yawo ndi wailesi, n'kubwera ndi matayala awiri okha atsopano. Mayo ine, fungo lake lija! Mpaka ndinkawanunkhiza mobisa. Mizere yake yakuya amalume ankaitcha mano.

Amuna a m'mudzi anasonkhana, aliyense katswiri, ngakhale omwe sanagwirepo chiwongolero. "Ikani kutsogolo, likaphulika lakutsogolo mwapita," ankatero. Nanenso ndinkafuna kutsogolo, kungoti anzanga aziona tikamabwera. Amalume anangolowetsa jeke kumbuyo. "Galimoto iyi imakankha ndi miyendo yakumbuyo," anatero. Pa akale aja anasankha awiri abwinoko n'kuika kutsogolo. Ndinanyanyala tsiku lonse.

Kenako anayamba zachilendo. Maulendo a ku Nathenje ankakana. Galimoto ankaimika pachitunda itayang'ana kumsewu, matumba a mchenga ali kumbuyo, kubokosi lonyamulira katundu. Mvula ikangokata ankapita kudambo lomwe lili pakati pa mudzi wathu ndi Mitundu, kuwoloka, kubwerera, opanda katundu aliyense. Ine ndinkati mutu wawo sukuyenda bwino. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Tsiku loti amayi achire linafika; anali masana, mvula ikukhuthuka. Amayi anakwera kutsogolo atagwira pamimba. Ine ndi akazi a amalume anatikweza kubokosi kuti tiwonjezere kulemera. Padambo galimoto inatsetsereka chammbali, inalira, matope n'kutithira kumaso. Amalume, munthu woti kutchalitchi ankapita pa Khirisimasi pokha, ndinawamva akukuwa: "Ambuye, lero lokha ayi!" Mano aja anagwira, ndipo pang'onopang'ono tinatulukamo.

Mng'ono wanga anabadwa kuchipatala dzuwa lisanalowe. Uthenga utafika panja, amalume anakhala pansi m'matope momwemo, atatsamira tayala lakumbuyo, n'kuyamba kulira ngati mwana. Ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinkaganiza kuti akulirira matayala awo atsopano omwe anada ndi matope asanaonedwe bwino ndi anthu, choncho ndinatunga madzi pachithaphwi ndi kachitini n'kuyamba kutsuka.

Sindinkadziwa kuti dzinja lapitalo, tsiku lomwe ananditumiza kukagona kwa aneba, ngolo yomwe inkapita ndi amayi kuchipatala inatitimira padambo lomwelo, amayi n'kubwerera kunyumba chimanjamanja, opanda khanda. Amene ankayendetsa ngoloyo anali amalume.